Hilux ya 1999 yayamba kutentha pokwera mapiri: ndiikonze kapena ndigule ina?

Bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, watilembera imelo, ndipo nkhani yake ndi iyi. Ali ndi Toyota Hilux ya 1999, dabo kabu yokoka ndi matayala onse anayi, injini yake ndi ya dizilo yotchedwa 5L, ndipo yayenda makilomita opitirira 430,000. Amanyamulira kachewere kupita naye ku Tete, pobwerera amatenga feteleza, simenti, mwina nsomba za chikowa. Chaka chino yatentha kawiri pokwera kuchokera ku Moatize, m'mawa ikuvuta kulira ndipo ikutulutsa utsi woyera, madzi akuchepa m'rediyeta, komanso kutsogolo kukugogoda m'maenje. Makaniko wawauza kuti kuphwasula injini ndi kuikonza yonse kudya mametikali 180,000. Munthu wina akuwatsatsa Hilux ya 2008 ya injini ya D-4D, ya dizilo yoyendera kompyuta, pa mametikali 850,000. Akufunsa kuti akonze kapena agule.

Bambo, nkhawa yanu yonse ili pa injini, koma si injini imene ingakuuzeni zochita. Injini imatsika ina n'kukwera. Giyabokosi chimodzimodzi. Chimene chimapha galimoto ya mtundu wanuwu ndi chasisi, ndipo musanapereke ngakhale metikali imodzi kwa makaniko, lowani pansi pa galimotoyo.

Itsukeni kaye ndi madzi amphamvu, mulowetse payipi m'mabowo a chasisi mpaka madzi otuluka ayere. Tsitsani tayala la sipeya. Tengani tochi, nyundo yaing'ono ndi sikuludiraiva yaikulu, muzigogoda chasisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo mbali zonse ziwiri. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza, nyundo n'kudumpha. Chowola chimalira mogontha, chimayoyoka makoko, ndipo sikuludiraiva ukaikankha imalowa. Malo oyenera kuchedwapo ndi pamene masipuling'i a kumbuyo amagwira chasisi, chitsulo chopingasa cha pamwamba pa tayala la sipeya, m'kati mwa chasisi pambali pa thanki pamene matope amakhala chaka chonse osauma, pamene kabu ndi bodi zimamangidwa, ndi pamene bokosi la chiwongolero lamangidwa. Pomalizapa musayang'ane dzimbiri lokha, yang'anani ming'alu yoonda ngati ulusi yochoka pa mabawuti.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuno dzimbiri kulibe poti tili kutali ndi nyanja ya mchere. Koma katundu amene mwatchulayo ndiye amadya chitsulo. Thumba la yureya likang'ambika, timibulu take timagwera m'mipata ya bodi, mvula ikagwa timasungunuka n'kudonthera pa chasisi. Mchere wa nsomba za chikowa umachitanso zomwezo. Galimoto yonyamula feteleza chaka ndi chaka osatsukidwa pansi imatha kuwola kuposa ya ku Beira.

Kenako imikani galimoto pamalo osalala. Yang'anani mpata wa pakati pa kabu ndi bodi: uyenera kufanana pamwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Ukatseguka pamwamba, ndiye kuti chasisi chinapindika kumbuyo kwa kabu chifukwa cha katundu wolemera wosanjidwa kumchira. Yezaninso ndi tepi kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, chiwongolero chili chowongoka. Mbali ziwirizo zikasiyana ndi sentimita imodzi kapena kuposa, mwina bawuti la pakati pa masipuling'i linathyoka, lomwe ndi vuto laling'ono, kapena galimoto inagundapo n'kukhota.

Mng'alu umodzi kapena iwiri pa chitsulo chochindikala umakonzeka, bola wowotcherera akhale wodziwa ntchito. Aboole kabowo kakang'ono kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, aupale ndi girayinda, awotcherere, kenako aikepo chigamba chosongoka mbali zonse ziwiri ngati nsomba. Chigamba cha makona anayi chowotcherera chotsika molunjika chimangosamutsa mng'alu, chaka chamawa udzatulukira m'mphepete mwa chigambacho. Koma chitsulo chikapyapyala kutalika kwa mkono wonse, kapena dzimbiri likadya pogwira masipuling'i mbali zonse, palibenso powotcherera. Pamenepo musaikemo ndalama za injini. Gulitsani momwe iliri, mumuuze wogulayo zoona, kapena muiphwasule mugulitse zipangizo.

Tsopano tinene kuti chasisi chili bwino. Mtengo wa 180,000 uja watchulidwa injini isanayezedwe, ndipo ife sitingauvomere choncho. Zizindikiro zimene mwalembazo zitha kukhala za injini yotheratu, komanso zitha kukhala za hedi yokha, chitsulo chovundikira masilinda pamwamba pa injini, ndipo ndalama zake n'zosiyana kutali. Pali miyezo iwiri yosiyanitsa, yonse ya tsiku limodzi.

Woyamba ndi kompuresheni, mphamvu ya mpweya umene mapistoni amafinya m'masilinda. Amayeza ndi geji ya dizilo, kudzera m'mabowo a mahita (timapulagi totenthetsa injini isanalire), injini ili yotentha, batire ili ndi moto wokwanira, waya wotsegula mafuta pa pampu atauzula. Buku la Toyota limati 5L yabwino ipereke 32 kg/cm² kapena kuposa, malire otsikitsitsa ndi 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Imani pomwepo muwerenge nokha, mulembe manambala anayiwo pa pepala. Onse akakhala pamwamba pa 25 ndipo ali ofanana, mapistoni ndi maring'i akadali ndi moyo. Awiri oyandikana akatsika limodzi ena ali bwino, ndi gasiketi ya hedi, imene amakaniko a ku Tete amati junta, yapsa pakati pawo. Onse anayi akayandikira 20, injini yatha ndithu, ndipo ndiye chifukwa chake ikuvuta kulira m'mawa wa ku Angónia.

Wachiwiri ndi mphamvu ya oyilo. Nyali ya pa dashibodi musaikhulupirire, imayaka zinthu zitaipa kale. Amasule kaswitchi ka oyilo, aikepo geji ya payipi. Injini itatentha bwino, ikamalira yokha isatsike pa 0.3 kg/cm², ndipo pa 3,000 rpm ipereke pakati pa 3 ndi 5.5. Ikalephera pamenepo, mabering'i kapena pampu ya oyilo zatha, ndipo hedi yatsopano siingathandize.

Palinso zimene mungaone nokha kunyumba. M'mawa injini ili yozizira, tsegulani chotsekera rediyeta, dzazani madzi, lizani. Thovu lokwera mosalekeza ngati mowa wamasese ukuwira limasonyeza kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Tsekani, mugwire payipi yapamwamba: ikauma gwa pasanathe mphindi ziwiri madzi asanatenthe, nkhani ndi yomweyo. Utsi woyera uja ununkhizeni. Wonunkha dizilo, woswa m'maso, wotha injini ikatentha, nthawi zambiri ndi mahita akufa kapena manozo (tizipangizo tofayira dizilo mu injini) otopa, zinthu zotchipa. Wosanunkha dizilo, wonyowetsa dzanja, wosatha ngakhale mutayenda makilomita 10, ndi madzi. Masulaninso chotsekera oyilo injini ikulira, muchiike pabowo osamanga. Chikamangovina pang'ono palibe vuto, chikamakankhidwa ndi utsi wambiri, maring'i akudutsitsa mpweya.

Potengera zimene mwalemba, kutentha kawiri, madzi kuchepa ndi utsi wa m'mawa, ife tikukayikira hedi kapena gasiketi yake. Ikatsika hediyo, isangopalidwa n'kubwezeredwa. Ipite kwa a makina akaiyeze ndi mpweya kapena madzi ngati ili ndi mng'alu, makamaka pakati pa mavavu ndi pa timakapu tachitsulo timene mafuta amayambira kuyaka, chifukwa 5L ikatentha imang'alukira pamenepo. Kupindika kololedwa ndi mamilimita 0.15 okha. Gasiketi ya injini imeneyi ili ndi makulidwe atatu, ndipo amasankha atayeza mmene mapistoni atulukira pamwamba pa buloko. Makaniko wongogula iliyonse imene waipeza pa shelefu akhoza kukupatsani injini yogogoda kapena yovuta kulira. Mabawuti a hedi amamangidwa ndi sipanala yoyezera mpaka 78 Nm motsata ndondomeko yake, kenako amapotozedwa madigiri 90, kenakonso 90. Ofisina imene ilibe sipanala imeneyi isakhudze hedi yanu. Poti lamba wa taiming'i achoka kale, ikani watsopano pamodzi ndi mapule ake. Nthawi yake ndi makilomita 100,000, ndipo akaduka mapistoni amamenya mavavu.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama kawiri. Hedi sinang'aluke yokha, chilipo chinaitenthetsa, ndipo chikasiyidwa chidzaphanso yatsopanoyo pa chitunda chomwecho. Msewu wanu ndi wovuta kwa injini yopanda tebo. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200 kuchokera pa nyanja, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Ulongwe ili pamwamba pa mamita 1,200. Kuchokera ku Moatize pa N7 kukafika pa Mussacama n'kukhotera mu N304, galimoto imakwera ndi katundu nthawi yaitali, liwiro lili lochepa, mphepo yodutsa m'rediyeta ili yotentha kale. Chilichonse chofooka chimaonekera pamenepo.

Rediyeta imene yamwa madzi a pa mjigo zaka zambiri imakhala ndi miyala yoyera m'timachubu take. Kuitsuka ndi payipi sikuchotsa. Iyenera kutsegulidwa thanki n'kutokosedwa kachubu kalikonse, kapena kugula ina. Yang'ananinso kunja kwake, pakati pa rediyeta ndi chozizirira cha eyakoni, pamene njere za udzu ndi fumbi la malasha zimapanga chinthu chonga bulangeti. Fani ya 5L ili ndi kilatchi ya mafuta a silikoni: zimitsani injini itatentha, muikankhe ndi dzanja. Ikazungulira yokha kangapo, yafa, ndipo imeneyi ndiyo imachititsa galimoto kuyenda bwino pa chidikha koma n'kutentha pa phiri. Chikombole chozungulira fani chikhalepo chonse. Chotsekera rediyeta gulani chatsopano cha nambala yofanana ndi chakalecho. Themositati ibwezeredwe ngati inachotsedwa. Kuichotsa sikuchiza kutentha, kumangobisa vuto, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumtundaku injini imayenda yozizira, n'kumadya masilinda ake. Pomaliza funsani ngati wina anapotozapo sikuluwu ya mafuta pa pampu kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Utsi wakuda pokwera ndi mafuta ochuluka, ndipo mafuta ochuluka ndi moto wochuluka pa hedi. Mukatha zonsezi thirani kulanti, mankhwala a m'rediyeta, wosakaniza ndi madzi oyera a batire kapena a mvula, osati a pa mjigo.

Miyezo ikasonyeza kuti pansi pa injini pathanso, muli ndi njira ziwiri. Kuikonza yonse kumatanthauza kuboola masilinda kuti akule ndi mamilimita 0.50, mapistoni ndi maring'i a saizi imeneyo, kuyeza kambota (shafiti yaikulu imene mapistoni amazunguza) ndi kuipala mamilimita 0.25 ngati yadyeka, mabering'i, pampu ya oyilo, masilo onse, manozo atsopano ndi kukonzetsa pampu ya dizilo pa benchi. Muuzeni makaniko alembe mtengowo m'magawo atatu: zipangizo chimodzichimodzi ndi dzina la kampani yozipanga, ntchito ya a makina, ndi ntchito ya manja ake. Mtengo wongotchula pakamwa umabisa maring'i otchipa oikidwa m'masilinda osaboola, ndipo injini yotero imayambanso kudya oyilo mvula isanathe. Zipangizo za 5L sizisowa. Zimapezeka mu Tete, ku Lilongwe podzera pa Calómuè ndi Dedza, ku Blantyre podzera pa Zóbuè, ndipo umenewu ndi mwayi waukulu wa galimoto yanu.

Njira ina ndi injini yakale yochokera kunja. Musaigule osaimva ikulira kapena osaiyeza kompuresheni. Dziwaninso kuti 5L-E ili ndi pampu yoyendera kompyuta, siingangolowa m'malo mwa 5L yanu popanda mawaya ake, ndipo ya mu Hiace imafuna kusinthidwa sampu ndi zogwirira kuti ikhale mu Hilux yokoka ndi onse anayi. Nambala ya injini inalembedwa mu livrete, chikalata cha galimoto, choncho sungani risiti ndi mapepala a injini yatsopanoyo, mukasinthitse ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto. Mukapanda kutero mudzavutika poyezetsa galimoto (inspecção), pa malire, ndi tsiku logulitsa.

Kugogoda kwa kutsogolo kusakuopseni, koma musakuchedwetsenso. Kwezani ndi jeke, mulowetse chitsulo pansi pa tayala n'kumatukula wina akuyang'ana. Kawirikawiri ndi mabolojointi, matayirodi, mabushi a mashoko kapena mkono wothandizira chiwongolero. Zonsezi ndi zinthu zotha ngati matayala, galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya ku Tsangano ndi Furancungo imazifuna. Koma bolojointi yapansi ikazuka, tayala limapindikira pansi pa galimoto ikuthamanga, ndiye ikapezeka yogwedera musanyamulenso katundu mpaka itasinthidwa.

Giyabokosi, bokosi logawa mphamvu ndi madifu onse awiri amayezedwa pokhetsa oyilo wake. Pa bawuti lokhetsera nthawi zambiri pamakhala maginito. Phala losalala lotuwa si vuto. Tizidutswa tonga misere ya chimanga ndi mano a magiya kapena bering'i ikusweka. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi madzi olowa powoloka mitsinje. Kenako pitani pa msewu wafumbi, tsekani mahabu, muyese H4 ndi L4, magiya okokera ndi matayala onse anayi, mumvere ngati ikulowa ndi kukhala osadumpha. Pa phula musayese, mungapotokole mashafiti.

Tsopano D-4D ya 850,000 ija. Ndi galimoto yabwino, yamphamvu pokwera, ndipo simungadane nayo. Koma ya 2008 nayonso ndi yakale, ndipo mavuto ake simukuwadziwa, pamene a yanu mukuwadziwa onse. Kusiyana kwakukulu kuli pa mafuta. Manozo a 5L amatseguka pa mphamvu ya pafupifupi 150 kg/cm², pamene D-4D imapopa kupitirira 1,300 kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Dizilo wa m'chigubu wa m'mbali mwa msewu, wokhala ndi kamadzi kapena kafumbi, 5L imameza n'kumapita, koma D-4D amaiwononga mainjekita ndi pampu. Mainjekita akewo ndi odula, ndipo akaikidwa amafuna kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto ndi makina amene simungawapeze m'mudzi. Mawasha a pansi pa mainjekita akayamba kudutsitsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya mu sampu, injini n'kuuma, osazunguliranso. Ngati mumagona ku minda masiku angapo kutali ndi pampu ya mafuta yodalirika, ganizirani zimenezi mofatsa.

Mukaifunabe, ipatseni mayeso omwe aja, kuyambira pa nyundo. Onjezani kuilumikiza ku kompyuta kuti muone mmene mainjekita akugwirira. Makilomita a pa dashibodi amabwezedwa, choncho yang'anani kutha kwa mapedulo, chiwongolero ndi mpando. Galimoto yochokera ku migodi ya ku Moatize itha kuonetsa makilomita ochepa pamene injini yakhala ikulira yoima maola ambirimbiri m'fumbi la malasha. Nambala yodindidwa pa chasisi ifanane ndi ya mu livrete ndi título de propriedade, chikalata cha umwini, ndipo dzina la pa título likhale la munthu amene akukugulitsaniyo. Ya nambala ya ku Malawi kapena ku South Africa imene sinalipiridwe ku Alfândega, ofesi ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko, si yotchipa, ngongole ya msonkhoyo idzagwera inu. Kuitanitsa nokha kuchokera ku Japan nakonso mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe: pali sitima, msonkho wolowetsera, msonkho wina wotchedwa ICE, msonkho wa IVA (VAT) wa 16 peresenti, despachante (woyendetsa mapepala a msonkho), zolipira pa doko, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Beira kufika ku Tete.

Powerengera, musayerekeze 180,000 ndi 850,000. Mbali imodzi lembani zonse zimene yakaleyo ikufuna kuti ikutumikireni zaka zitatu: injini malinga ndi miyezo, rediyeta ndi zonse za madzi, kutsogolo, mabuleki, kilatchi ngati injini yatsika kale, matayala. Mbali inayo lembani 850,000, muonjeze lamba wa taiming'i, oyilo ndi masefa onse, matayala, kuyezetsa mainjekita, kusintha dzina, seguro (inshuwalansi) ndi manifesto (msonkho wa galimoto wa pa chaka), kenako muchotse ndalama imene yakaleyo ingagulidwe momwe iliri. Ngati yatsopanoyo mugula ndi ngongole, ikaninso chiwongoladzanja. Maganizo athu ndi akuti chasisi chikakhala cholimba, giyabokosi ndi madifu zili zoyera, konzani, ngakhale itafuna injini yonse. Injini, giyabokosi ndi difu zikatha pamodzi, kapena chasisi chikalephera, isiyeni.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma chikuoneka m'kalata yanu. Dabo kabu siinapangidwire kunyamula tani yathunthu, ndipo matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani kale, osawerengera anthu. Matumba a kachewere osokerera pamwamba aja amalemera kuposa pamenepo. Ngati ulendo uliwonse wa ku Tete mumadutsa muyezo, D-4D nayonso idzapindika kumbuyo kwa kabu. Mwina ndalama yaikuluyo ikuyenera kupita ku kalole ka matani awiri kapena atatu, monga Canter kapena Dyna, koyenda pa phula, Hilux yokonzedwayo n'kumatulutsa katundu ku minda kumene kalole sikangafike nthawi ya matope.

Mukasankha kukonza, ilowetseni mu ofisina zokolola zitatha kugulitsidwa, mvula isanayambe, kuti masiku oima asakudyereni msika. Injini yokonzedwa yonse iyende makilomita 1,000 oyamba ndi katundu wochepa, osailiza yoima nthawi yaitali, kenako musinthe oyilo ndi sefa. Ikitsaninso geji ya kutentha yoonetsa manambala, chifukwa singano ya Toyota imakhala pakati nthawi yaitali ndipo ikamadzasuntha madzi amakhala atatentha kale. Ulendo woyamba wochokera ku Tete nyamulani theka la katundu, mukwere ndi giya yachitatu injini ikuzungulira momasuka m'malo moikakamiza ndi yachinayi. Manambala akayamba kudutsa 100, zimitsani eyakoni, tsitsani giya, ndipo akapanda kutsika imani pambali injini ikulirabe kuti fani ndi pampu ya madzi zipitirize ntchito. Chotsekera rediyeta musachikhudze mpaka payipi yapamwamba itafewa.